Anachoka Akuti Akubwera

Malemu amene agona patsogolo pathuwa anabadwa pa 9 Meyi, 1959, ndipo anali chisamba m'banja la ana asanu. Amene ndaimirira pano ndine mzime wa m'mimba yomweyo. Banja landituma kuti ndikuwerengereni mbiri ya alongo anga, choncho ndikupempha abusa, akuluakulu a mpingo ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatikhuza kuti mundipirire. Mbiriyi ndi yotalikirapo, ndipo muli mawu angapo a Chingerezi. Sindinawaikemo pofuna kudzionetsa kuti ndinapita kusukulu ayi. Popanda mawu amenewo simungamvetse chimene chatigwera pakhomo pano.

Malemu anayamba sukulu mu 1966, ndipo aphunzitsi awo ankati anali ndi mutu, makamaka pa masamu. Koma mu 1969 bambo athu, amene anali kondakitala wa basi, anamwalira pa ngozi ya pamsewu. Mayi anayamba kulawirira kumsika kukagulitsa masamba, ndiye panafunika munthu wotsala ndi ana pakhomo. Malemu anasiyira sukulu mu sitandade 4, Chingerezi atangochilawa kunsonga ya lilime. Ine ndinakulira kumsana kwawo. Ngati pali tsiku limene anadandaula za sukulu imene anasiyayo, ine sindinawamve.

Mu 1974 anayamba kuphunzira kusoka kwa telala wina wokalamba amene ankakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anana ndi geti la sukulu ya sekondale. Anayambira kusokerera mabatani ndi kupinda m'munsi mwa masiketi. Mkuluyo maso atafooka, anawasiyira makina ndi khonde lomwe. Pakhonde limenelo malemu anakhalapo zaka zoposa makumi anayi, ndipo ambiri mwa inu munalowa m'kalasi mutavala yunifolomu yochokera m'manja mwawo. Munkawadziwa kuti Mayi Telala. Sanali munthu wozungulira polankhula. Ukadandaula kuti deresi likukuthina, ankakuuza pamaso pa anthu kuti deresi lili momwe analisokera, amene wasintha ndiwe. Komanso anali telala wachilendo, chifukwa analibe nyimbo ija ya atelala yoti mubwerenso mawa. Akati Lachitatu, linali Lachitatu.

Pakhonde pomwepo ndi pamene anadziwana ndi amuna awo, alamu anga, amene akhala pa mpando wa matayala apowa. Nthawi imeneyo anali mnyamata wongoyamba kumene kuphunzitsa Chingerezi m'fomu 1 ndi fomu 2 pa sukulu ya tsidya la msewu ija. Ana a sukulu anawapatsa dzina loti a Bwerezani, chifukwa chiganizo chilichonse chokhota ankachibwezera kwa mwini wake mpaka chiwongoke. Aphunzitsiwa anayamba kubweretsa buluku long'ambika sabata ndi sabata. Malemu anasoka koyamba, anasoka kachiwiri, kenako anawauza kuti iwo amatha kusiyanitsa buluku long'ambika lokha ndi long'ambidwa ndi lezala, ndiye ngati pali mawu angowanena zovala zisanawathere m'nyumba. Ukwati wawo unadalitsidwa m'tchalitchi pa 22 Ogasiti, 1981.

Mulungu anawapatsa ana anayi. Banja lawo linali ndi lamulo limodzi limene tonse tinkaliseka, loti Chingerezi chizithera pakhomo. Malemu ankati azichivula pamodzi ndi nsapato, chifukwa iwo sangaphike, kuchapa, kenako n'kumajedwa m'nyumba mwawo momwe m'chilankhulo chimene sakumva. Aphunzitsi ankamvera. Kusukulu ana ankakhala chete akangomva nsapato zawo m'khonde, koma akafika kwawo ankapachika jekete lodzaza fumbi la choko kuseri kwa chitseko n'kusanduka munthu wa nthabwala. Anthu awiriwa ankakonda kucheza. Ukadutsa madzulo unkawapeza pakhonde, wina akuchonga makope, wina akusokerera zipi pamanja, pakamwa posatseka. Zimene ankakambirana zaka zonsezo osazimaliza, ife sitikuzidziwa.

Mu 2013 mwana wawo wachiwiri, wamkazi, anamwalira atadwala kanthawi kochepa, n'kusiya kamtsikana ka zaka ziwiri. Malemu anatenga mdzukuluyo n'kumulera pafupi ndi makina, akusewera ndi tizigamba ta nsalu. Mu 2015 aphunzitsi anapuma pa ntchito. Ana atatu otsalawo anali atakhazikika kale kutali, aliyense ndi ntchito yake ndi banja lake, ndipo tonse tinkati tsopano akuluakuluwa apume. Koma chakudza sichiimba ng'oma.

Lamulungu, pa 19 Malichi, 2023, alamu akumanga taye kuti apite kutchalitchi, anagwa pakati pa bedi ndi kabati ya zovala. Inali sitiroko. Anagona m'chipatala masabata angapo osalankhula, dzanja ndi mwendo wa kumanja zitafa. Tsiku limene pakamwa panatseguka, malemu anali pomwepo atagwira kapu ya madzi, ndipo mawu amene anatuluka anali a Chingerezi. Malemu anaseka, nkuti bambo ayambapo nthabwala zawo, ndiye kuti achira. Anawayankha m'Chichewa. Alamu anangowayang'ana pakamwa ngati munthu amene akumvetsera mvula padenga.

Adokotala anatifotokozera kuti zimachitika, ngakhale si kawirikawiri. Chilankhulo chimene munthu anayamwira ndi chimene anachiphunzira kusukulu nthawi zina matendawa sazigwira mofanana, chimodzi chimapita, china n'kutsala. Anati mwina Chichewacho chibwerera pang'onopang'ono. Tinadikira, sichinabwerere. Chingerezi chimene chinatsalacho nachonso chinali choduka, tiziganizo tatifupi ta m'kalasi totuluka pakamwa popotoka. Ana anakhala masiku amene akanatha, kenako ntchito zinawaitana. M'nyumba munatsala anthu atatu: wodwala, mdzukulu amene masana onse amakhala kusukulu, ndi mayi amene anathamangitsa Chingerezi pakhomo pake kwa zaka makumi anayi.

Malemu anachotsa makina kukhonde la sitolo kuja n'kuwaika m'chipinda chochezera, pafupi ndi mpando wa amuna awo. Poyamba ankati zilibe kanthu, munthu amene wakhala naye moyo wonse umamumva ngakhale ndi maso. Koma mu Juni chaka chomwecho panachitika chinthu chimene chinawathyola mtima. Alamu anayamba kubwereza liwu limodzi, m'mawa, masana, akulira. Malemu analitola liwulo n'kukumbukira kuti analimvapo kwa ana, limatanthauza chakudya. Anaphika, anawadyetsa. Alamu akukankha mbale, iwo n'kumaganiza kuti ndiwo sizinakome, n'kukaphika zina. Mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino, atabwera Loweruka, anamva liwulo kamodzi kokha n'kuthamangira kuvula bambo ake sokosi. Chitsulo chopondera cha mpando chinali chitawadya kuchidendene, bala litayamba mafinya. Mawu a Chingerezi otanthauza phazi ndi otanthauza chakudya amasiyana chilembo chimodzi chokha chakumapeto, foot ndi food, ndipo pakamwa pa wodwala sitiroko chilembo chimenecho sichimveka.

Ine ndinafika tsiku limenelo ndipo ndinapeza alongo anga atakhala pansi kuseri kwa nyumba, manja ali m'khosi. Sindinawaonepo akulira chotero, ngakhale pa maliro a mwana wawo. Ankangobwereza kuti munthu akulira ndi phazi iwo akumuthira chakudya m'kamwa ngati nkhuku. Tinawatonthoza kuti si kulakwa kwawo, koma sanatimvere. Madzulo omwewo anaitana mdzukulu wawo uja, amene anali akukonzekera kulowa fomu 1, n'kumuuza kuti kuyambira pamenepo homuweki iliyonse ya Chingerezi imene apatsidwe kusukulu izilembedwa kawiri m'nyumba muno, kope lake ndi kope la agogo ake.

Umu ndi mmene malemu anabwererera kusukulu ali ndi zaka 64. Kalasi yawo inali tebulo lodulirapo nsalu. Mwana akaweruka, ankakankhira sizasi ndi tepi kumbali, n'kukhala moyandikana, wina ndi yunifolomu, wina ndi magalasi omangidwa ndi ulusi kukhutu. Malemu anamupatsa mdzukuluyo dzina loti a Hedi, ndipo ankamupatsa ulemu wonse wa mphunzitsi wamkulu, kupatula akaiwala kutsuka mbale. Ankadzaza mawu m'mipata, kusankha mlowam'malo woyenera, kusandutsa chiganizo kukhala funso. Ankakangana nacho Chingerezicho ngati kasitomala wovuta. Ankafunsa chifukwa chake mwamuna akhale he, mkazi akhale she, pamene ife timangoti iye ndipo palibe amene anasokonezapo mkazi wake ndi mlamu wake. Atamva kuti go ndi went ndi mneni mmodzi, anati ana a mimba imodzi sangasiyane nkhope chotero, mayi wawo afunsidwe bwino. Mwana wa sukulu aliyense wobwera kudzayesa yunifolomu sankatuluka asanawasiyire liwu limodzi latsopano, ndipo akachita manyazi ankamuuza kuti safunsa anadya phula.

Tsiku lina akuloweza aneni mokweza, makina akupalasa, analakwitsa. Kumpando kuja kunamveka kumenya kwa dzanja patebulo, ndipo alamu anatulutsa liwu lija limene linawapatsa dzina kusukulu, lakuti abwereze. Analoza kabati mpaka mwana anamvetsa kuti akufuna bolopeni yofiira. Anaigwira ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kuchonga kope la akazi awo. Chigwereni matenda, limenelo linali tsiku loyamba kuwaona maso ali ndi moyo. Sanawachitire chifundo ayi. Ankakhwatcha tsamba lonse, lofiira ngati pophera mbuzi, malemu n'kumang'ung'udza m'Chichewa kuti n'chifukwa chake ana ankakuopani, podziwa kuti sakumva. Tsiku limene malemu anapeza zonse zolondola pa ntchito imodzi, anayenda nalo kopelo nyumba ndi nyumba mumzere wathu wonse, ndipo ena mwa inu munalionadi.

Koma ndisakunamizeni kuti zinali zokoma. Mutu wa munthu wamkulu, wotopa ndi kutembenuza wodwala, kuchapa zofunda ndi kusoka, sugwira ngati wa mwana. Zimene aphunzira Lolemba, pofika Lachitatu zathawa. Mdzukulu ankapita patsogolo ndi kalasi yake, agogo n'kumatsalira, ndipo mwanayo ankalira pobisala poganiza kuti ndiye sakudziwa kuphunzitsa. Patatha chaka, malemu ankatha kufunsa amuna awo pamene pakupweteka, kuwauza kuti kunja kukugwa mvula, kuti madzi atentha, kuti mwana wafika. Pamenepo ndi pamene anafika. Ife tinkawayamikira kuti achita zazikulu, koma iwo ankapukusa mutu. Tsiku lina akundiperekeza anandiuza mawu amene sindidzawaiwala: "Achimwene, ine sindikufuna kumangomufunsa ngati akufuna madzi. Ndikufuna ndimufunse ngati akukumbukira."

Apa ndi pamene panali vuto lawo lenileni, ndipo ndikupempha mulimvetse. Chingerezi chimene malemu anachigwira chinali cha zinthu zochitika lero. Koma zonse zimene ankafuna kukamba ndi amuna awo zinali za kale: buluku lija, ana ali aang'ono, mwana amene anamuika m'manda. Kuti unene za kale m'Chingerezi, mneni amasintha, ndipo ambiri amasintha mopanda lamulo, umangofunika kuwaloweza mmodzimmodzi. Aneni amenewa ndiwo anawazunza. Anawalemba pa mapepala odulira mapatani n'kuwamata pakhoma, pa chitseko cha kabati, ngakhale pa makina penipeni. Akayesa kupanga chiganizo cha kale pamaso pa amuna awo, chinkatuluka chokhota, aphunzitsi n'kumva cholakwika chokhacho, n'kuwauza kuti abwereze, nkhani imene amafuna kunenayo n'kufera pomwepo. Mdzukulu atalowa fomu 2 anawalimbitsa mtima kuti teremu imeneyo aphunzitsi ake akhazikika pa nthawi yakale, ndiye pofika Disembala agogo adzakhala akucheza. Malemu ankawerengera Disembala ameneyo ngati mwana woyembekezera tchuthi.

Mu Ogasiti chaka chino miyendo yawo inayamba kutupa, ndipo akayenda pang'ono ankapuma mwabefu. Anabisa. Ankavala masiketi aatali, n'kumati ndi kukhalitsa pa makina. Namwino uja atazindikira anawatengera kuchipatala mokakamiza, ndipo adokotala anapeza kuti mtima wafooka, madzi ayamba kudzaza m'mapapo. Anati agonekedwe. Malemu anakana. Mu Okutobala anawauzanso, anakananso, nkuti akagona kumeneko bambo aja alankhula ndi ndani, nanga homuweki ya sabata imeneyo. Tinawakalipira, tinawanyengerera, abusa anabwera kudzawalankhula. Ankalandira mankhwala n'kubwerera kunyumba. Ndikunena poyera kuti ndili ndi mkwiyo, ndipo sindikudziwa woti ndimukwiyire. Alongo anga anali ouma mutu, koma nafenso tinazolowera kuti iwo ndi munthu wosagwa, ndipo titakanidwa kawiri tinapumira m'mwamba n'kubwerera ku ntchito zathu.

Lachisanu, pa 8 Novembala, m'mawa, anakomoka ali pa makina. Atatsitsimuka sanathenso kukana. Uthenga utatipeza, namwino ndi ine tinathamangira kuno. Aneba athu anabweretsa galimoto, ife awiri n'kuwagwira uku ndi uku. Titafika pachitseko anatiimitsa, nkuti sangachoke osatsanzika. Mwana wawo anati awanenere m'Chingerezi chabwino kuti akupita kuchipatala, koma anakana, nkuti mwamuna ndi wawo, atsanzika okha. Anatembenuka, akupuma movutikira, n'kufunafuna mawu. Anatenga liwu limene tonsefe timanena tikamachoka pakhomo tikudziwa kuti tibwerera, lakuti ndikubwera, n'kulitembenuza momwe liliri. Anati, "I am coming."

Amene munadutsa m'manja mwa a Bwerezani mukudziwa kuti palibe cholakwika chimene ankalimbana nacho ngati chimenechi. Mwana akapempha kupita panja n'kunena mawu amenewa, ankamuimitsa pakhomo n'kumufunsa kuti ukubwera bwanji msana uli kuno. Ankaphunzitsa kuti m'Chingerezi munthu amanena zimenezi pokhapokha ali m'njira kulunjika kwa amene akumuuzayo, osati akuchoka. Akanakhala alamu a kale, akanaseka n'kudziwa kuti ichi ndi Chichewa chavala jekete. Koma Chichewa chimene chikanawathandiza kumva tanthauzolo ndi chimene matenda anachotsa. Anamva mawuwo m'Chingerezi chenicheni, kuti akazi awo ali m'njira, afika posachedwa. Anagwedeza mutu, osawauza kuti abwereze. Galimoto isanatuluke pageti, analozera mdzukulu, amene tsikulo sanapite kusukulu, kuti atembenuze mpando wawo uyang'ane kuchitseko.

Kuchipatala malemu anawaika pa makina othandiza kupuma. Loweruka anaoneka ngati apezako bwino, mpaka anatuma kuti tiwabweretsere kope ndi magalasi, koma titabweretsa analephera kugwira pensulo. Lamulungu ndi Lolemba ankangofunsa ngati bambo adya, ndiponso ngati wina wawavula sokosi kuona kuphazi. Madokotala ndi anamwino anayesetsa, ife ndife mboni. Lachiwiri, pa 12 Novembala, 2024, dzuwa litakwera pang'ono, malemu anatisiya ali ndi zaka 65. Disembala amene ankamudikira uja sanamuone, ndipo funso lawo lija sanalifunse.

Abale ndi alongo, kuyambira Lachiwiri limenelo banja lino lakhala pa ntchito imene sitinaikonzekere, youza alamu kuti akazi awo amwalira. Anayamba ndi mwana wawo woyamba. Anagwada pafupi ndi mpando n'kunena m'Chingerezi mwaulemu, monga timanenera kwathu kuno, kuti amayi atisiya. Alamu anavomera kuti inde anachoka, n'kuwonjezera kuti, "She is coming," kutanthauza kuti akubwera. Abusa anayesa ndi mawu a m'Baibulo, yankho linali lomwelo. Namwino analimba mtima n'kutchula liwu lenileni la imfa, losakuluwika, kawiri konse, misozi ili chuchuchu. Bambo ake anamuyang'ana ngati mwana amene wayankha funso limene sanafunsidwe, n'kubwezera maso kuchitseko. Iwo akudziwa chinthu chimodzi, kuti mkazi ameneyu chikwatiranireni sanawalonjezepo chinthu n'kulephera.

Anthu anayamba kudzaza pabwalo, nyimbo zikuimbidwa, mipando ikutulutsidwa. Alamu ankaona zonsezo, koma aliyense woima pakati pa iwo ndi chitseko ankamukankha ndi dzanja lamanzere lija. Chakudya ankalawa pang'ono n'kuloza kuti chotsalacho tivundikire, tisungire amene akubwerayo. Mankhwala ankalandira kwa akazi awo okha, ndiye kuyambira Lachisanu lija kumwa kwake ndi kolimbana.

Lachinayi mdzukulu uja anabwera ndi nzeru yake. Sabata yathayo kusukulu anawapatsa homuweki yolemba chimangirizo chachifupi chofotokoza munthu wa m'banja mwawo, ndipo iye anali atasankha kale agogo ake aakazi. Anati agogo aamuna sakhulupirira zonena pakamwa, koma cholembedwa m'kope amachiwerenga ndi mtima wonse. Anakhala pa tebulo lodulira nsalu lija, yekha tsopano, n'kulemba chimangirizo chonse m'nthawi yakale. Chiganizo choyamba chinali chakuti agogo anga anali telala. M'Chingerezi kusiyana kwa anali ndi ali n'timawu tiwiri, was ndi is. Anapereka kope ndi bolopeni yofiira, tonse titaima kukhoma. Alamu anawerenga pang'onopang'ono mpaka pansi. Kenako anabwerera pamwamba, anakhwatcha was n'kulemba is. Anatsika mzere wachiwiri n'kuchita chimodzimodzi, mpaka tsamba lonse, osadumpha ngakhale mneni mmodzi. Anabweza kopelo n'kumuuza mwanayo kuti abwereze. Mwana wa zaka 13 anayenera kusankha pakati pa kunamiza agogo ake ndi kuwatsutsa, ndipo anangotuluka n'kukagwa m'manja mwa mayi ake aang'ono, namwino uja. Ife akuluakulu tinasowa mtengo wogwira.

Malemu asiya ana atatu, amuna awiri ndi wamkazi mmodzi. Asiya adzukulu asanu ndi awiri, kuphatikizapo a Hedi awo, amene lero ataya mayi kachiwiri. Asiya azing'ono awo atatu ndi ine mlongo wawo. Asiyanso mayunifolomu odulidwa kale koma osasokedwa, ndipo makolo amene munasiya nsalu zanu tikupemphani mutipatse masiku, tidzakubwezerani.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino a ku wodi ya amayi, aneba amene anapereka galimoto osafunsa kawiri, amayi a mpingo amene akhala nafe chiyambire Lachiwiri, atelala anzawo a malemu amene asoka nsalu ya m'bokosi, ndi achinyamata amene akonza kumanda. Ndikuthokoza mwapadera aphunzitsi a Chingerezi a fomu 2, amene atamva kuti homuweki yawo ikulembedwa ndi anthu awiri anayamba kutumiza mapepala awiri. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Ndasiyira dala kumapeto munthu mmodzi amene malemu asiya, amuna awo. Akundiona ndikulankhula, koma zonse ndawerengazi sanamvepo kanthu. Lero m'mawa thupi litachoka ku nyumba ya chisoni, bokosi linalowera pachitseko chomwe chija akhala akuchiyang'ana sabata yonse. Tinakankhira mpando wawo pafupi n'kutsegula. Anayang'ana nthawi yaitali. Anatambasula dzanja n'kukonza kolala ya deresi la akazi awo, imene inapindika. Sanalire, sanafunse kanthu. Ife tinaganiza kuti mwina sanamvetsebe. Koma pamene anyamata amanyamula bokosi kuti alitulutse kuno, alamu anaika dzanja pa chivundikiro n'kulankhula momveka bwino kuposa tsiku lina lililonse chidwalireni. Anati, "I am coming."

Amayi ena amene anali m'nyumbamo anati taonani, Chichewa chikubwerera, atsanzika monga timatsanzikira. Ine ndikanakonda zikanakhala choncho. Koma munthu uyu anaphunzitsa mawu amenewa moyo wake wonse, ndipo sanawalakwitsepo. Amawanena munthu amene wanyamuka kale, kulunjika kwa amene akumuuzayo. Chichokereni bokosi m'nyumba akana madzi, akana mankhwala, ndipo bolopeni yofiira ija aibweza m'manja mwa mdzukulu.

Choncho ndisanakhale pansi ndikugwada pamaso panu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili tikalisiyira mwana wa fomu 2 limugwera. Ndikuona pano anthu ambiri amene munaphunzitsidwa ndi a Bwerezani, ena ndinu akuluakulu m'maofesi, ena muli pamsika pompa. Musathere pa maliro ano. Bwerani kunyumba kuno mawa, mkuja, sabata yamawa. Mukhale pafupi ndi mpando uwo muwalankhule Chingerezi chimene anakupatsani, ngakhale chitachita dzimbiri. Chikakhota ndiye bwino kwambiri, mwina angakwiye n'kuitanitsanso bolopeni. Ife tayesa zonse zimene tikudziwa ndipo zatikanika. Sitikufuna kukumananso pano mwezi uno usanathe.

Alongo anga, Mayi Telala, mwagwira ntchito yopitirira mphamvu za munthu mmodzi, ndipo tsopano pumulani. Koma amene akuti akubwerayo musamudikire pachitseko, tisiyireni pang'ono.

Mzimu wa malemu uuse mumtendere.